Amalume Anabwera ndi Choko

Sabata yonse ija amuna anga, bambo a Mwatitha, sankakhazikika. Akakhala pa makina awo osokera, pakhonde la golosale ku Mponela, phazi lamanja linkachita dzanzi. Ine ndinkangoti ndi kutopa. Ndikanaganizanso chiyani? Chiwapezereni matenda a shuga, zaka ziwiri ndinkawaphikira ndiwo zosakazinga, mchere wongowaza, tiyi wopanda shuga, mpaka ana kumandinena kuti ndimaphika ngati kuchipatala. M'mawa uliwonse ankanyamuka wapansi, ati kuwongola miyendo. Ndinkadzitama nawo kwa amayi anzanga.

Lamulungu masana anagona pamphasa patsinde pa mango. Posakhalitsa ndinamva akubuula. Nditawagwedeza anadzuka thukuta lili kamukamu, atagwira bondo.

"Mayi a Mwatitha, anabwera amalume."

Amalume awowo, malemu a Bizaliele, ndi amene anawaphunzitsa utelala n'kuwasiyira makina. Matenda a shuga anawadulitsa mwendo, ndipo ndinawadwazika ndine, zaka zitatu, m'nyumba mwathu muno.

Akuti kumalotoko msika wonse unali zii. Kunkangomveka ndodo, go, go, kuyandikira. Kenako fungo la mafuta a makina losakanikirana ndi la bala. Amalume anaima pakhonde, mwendo umodzi wa buluku utapindidwa ndi phini, tepi ili m'khosi. Anawagoneka chagada. Tepiyo inali yozizira ngati madzi a mumtsuko. Anayeza kuchokera paphazi mpaka m'munsi mwa bondo, n'kulemba mzere ndi choko.

"Adzadula apa," anatero amalume. "Ine ndinalibe wondichenjeza. Iwe unalumbira utandigwira dzanja kuti udzadzisamala. Singano ndinakupatsa kuti udyetse ana, lero ukunamiza nayo mkazi amene ankatsuka bala langa. Atsukenso lako?"

"Kunamiza kwake kuti?" ndinawafunsa amuna angawo.

Anazyolika, zonse n'kutuluka. Kuyenda kuja kunkathera pamphambano, pomwe ankakwera kabaza. Masana kanyenya ndi tchipisi pachiwaya, n'kutsitsira zakumwa zotsekemera mabotolo awiri. Kokayezetsa anasiya chaka chatha. Mimba ikakula ankamasula buluku n'kulikuza, kuti ine ndisazindikire.

Ndinalowa m'nyumba n'kutembenuza mabuluku onse. Lililonse linali ndi kansalu kowonjezera m'chiuno, kosokedwa mwaluso moti ine wochapa sindinakaonepo. Zinandiwawa, ndisaname. Ine ndi ana kudya zozizira chifukwa cha iwo, eni ake akunyambita zala kumsika!

"Pepani, mayi."

"Pepaniyo musunge. Phazi lopalasa makina likapita, tidzadya pepani?"

Lolemba tinapita kuchipatala. Pamphambano wakabaza wina anakuwa, "Abwana, lero sitikwera?" Bambo a Mwatitha anangoyang'ana pansi.

Namwino atawayeza anapukusa mutu. Anati shuga wakwera kwambiri, koma phazi lingapulumuke akamamwa mankhwala, kuyenda ndi kudya mosamala. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali psu.

"Inu mayi, mukufuna kupha amuna anu? Mafuta ndi mchere muchepetse kunyumbako!"

Ndinangowayang'ana bambo a Mwatitha, misozi ili lengelenge.

"Awa asiyeni, anamwino," anatero chapansipansi. "M'nyumba mwathu kudya kwabwino ndinali nako kale. Wakuba moyo wanga ndine ndemwe."

Tinabwerera wapansi, iwo patsogolo, ine pambuyo.