Samani Yokwera Basi

"Miyezi isanu! Kamawu kamodzi chabe, pepani, mpaka lero kakukanika kutuluka m'kamwa mwake!"

Marjory Nsama ankanena za mlamu wake Emelda, wokhala ku Joni, amene anaponya chithunzi cha khadi lakuchipatala la Lillian, mwana wa Marjory, pagulu la WhatsApp la amayi akutchalitchi. Pofika madzulo, komboni yonse ya George inali itadziwa mankhwala amene mtsikanayo ankamwa. Akuchimuna, omwe anali atabweretsa kale mbale zofunsira ukwati, anasiya kuyankha foni. Lillian anangodzitsekera m'nyumba.

Kukhoti laling'ono, kumene Marjory ankadandaulako, kalaliki Whyson anadzipukuta kumaso ndi chikhatho.

"Ba mayo, khoti ino ni ya muno. Mufuna mesenjala wathu awoloke malire pa Chirundu na njinga?"

"Anatukwanira ku Joni, manyazi tikudyera muno. Nanga mlandu uli kuti?"

"Ivo ni va maloya a m'tauni."

Maloya! Ufa weniweniwo ukugulidwa wa pamela, kapaketi kamodzi patsiku. Marjory anakhala pabenchi masiku atatu, mpaka Whyson, atatopa naye, analemba samani yoitanira Emelda kukhoti nadinda chidindo.

"Koma siizagwira nchito kuja, nakuuzani."

"Imwe lembani chabe. Kutumiza n'kwanga."

Ku siteshoni ya mabasi ya Intercity anapeza kondakitala wa basi ya ku Joni, dzina lake Fred, nakangana naye mtengo mpaka mnyamatayo anakweza manja.

"Katundu wa pepala sabwera kuutenga munthu, amai."

Marjory anagula kapenta wa Siavonga, naika samani pakati, namanga bwinobwino. Emelda ndi kapenta, ankamudziwa.

Tsiku la mlandu anavala chitenge chatsopano. Dzina la Emelda linaitanidwa katatu pakhomo, ndipo oweruza anatseka faelo mosakweza mutu. Marjory anabwerera wapansi, fumbi mpaka m'mawondo.

Atangokhala pampando, foni inalira. Uthenga wa mawu wa Emelda. Lillian anasuzumira kuchokera kuchipinda.

"Mulamu, kapenta nalandila, zikomo, koma mchenga wachuluka. Ija pepala yanu naonetsa anzanga kuno, taseka maningi. Jaji wanu akwere basi abwere anigwire. Kupepesa? Nanama chani? Sinipepesa, olo mutume na nkhuku."

Marjory anakweza foni pakamwa kuti ayankhe, mawu onse ali okonzeka pakhosi.

"Amama," anatero Lillian, "nalema ine. Lekani."

Marjory anaiika foniyo pansi chafufumimba.