Njinga Yamoto Imene Inakana Kuwoloka Msewu

Amayi a mpingo anali atayamba kale kuimba pamene galimoto ya boma inaima pa Lizulu, pafupi ndi ogulitsa kachewere. Kumbuyo kwake kunali njinga yamoto yofiira, pulasitiki akadali pampando. Lufina, mkazi wa Abusa Yoramu, anaiyang'ana mpaka misozi inalengeza m'maso.

Boma linali litasankha abusa angapo a mu Ntcheu kuti liwathokoze chifukwa chotumikira anthu, ndipo amuna ake anali m'gulumo. Kwa zaka zambiri a Yoramu ankanyamula odwala pa njinga yakapalasa kupita nawo kuchipatala. Kolera atavuta, iwo ndi amene ankathira mankhwala m'zitsime ndi kuika maliro amene abale ankaopa kuwakhudza. Tsopano mawondo anali atatha. M'mawa uliwonse Lufina ankawathowa ndi madzi otentha kuti athe kuimirira.

M'galimotomo munatsika a Gracian, mkulu wochokera ku boma.

"Mayi busa, tchalitchi chanu ndi chiti?" anafunsa.

"Ndi icho, bwana," anatero Lufina, akuloza kutsidya kwa msewu, kumene amayi anakongoletsa khomo ndi masamba a nthochi.

Nkhope ya a Gracian inagwa. "Uko ndi ku Mozambique."

"Eya. Apongozi anga atabwera ku migodi ya ku Joni anachimanga pamunda wawo. Ife timagona mbali ino, timapemphera mbali iyo."

"Ndiye pavuta. Mphatso ya boma imalembedwa m'dzina la tchalitchi, ndipo katundu wa boma sangapite kunja kwa dziko."

"Kunja kwa dziko!" Lufina anawomba m'manja. "Bwana, tambala wanga amadya ku Mozambique, madzulo n'kudzagona ku Malawi. Kumeneko ndiye kunja?"

Ogulitsa kachewere anafa nalo phwete, koma a Gracian sanaseke. "Mapanga awiri avumbwitsa, mayi. Lamulo sindinalipange ndine."

A Yoramu anali atawoloka msewu pang'onopang'ono, akutsimphina, jekete lawo la maukwati litasitidwa bwino. Anaima pambali, chipewa chili m'manja.

Apo m'pamene anatulukira Abusa Silvester, a tchalitchi chachikulu cha malata obiriwira, mbali ya Malawi. Ananong'onezana ndi a Gracian, kenaka a Gracian anamwetulira.

"Njira yapezeka. Tinena kuti a Yoramu ndi wothandizira wa Abusa Silvester. Chithunzi tikajambulira kwawoko. Njinga izikhala kumeneko, inu muzikabwereka."

"Ndife thupi limodzi mwa Ambuye, mayi busa," anatero a Silvester, akusisita mpando wa njingayo.

Lufina anayang'anitsitsa a Silvester. "Thupi limodzi? Abusa, kolera atabwera munali kuti?"

"Ndinali kumsonkhano wa abusa ku Lilongwe."

"Msonkhano wake wotha mvula yonse! Mwana wa mkulu wa mpingo wanu anamunyamula ndani, akutsegula m'mimba mpaka kuonongera bambowa malaya? Tsiku limenelo munawafunsa kuti tchalitchi chawo chili mbali iti?" Anatembenukira kwa a Gracian. "Nanga inu, pamene munkatumiza mankhwala a m'zitsime kwa bambowa, malire anali kutchuthi?"

"Mayi, chepetsani mawu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Landirani chomwe chilipo," anatero a Gracian.

Lufina anayang'ana mawondo a amuna ake. Njinga yobwereka ndi njinga ndithu, ndipo mtima wake unagwedezeka. Akanangoti inde, mawa lomwe bambowa akanapuma kupalasa chitunda cha ku Mlangeni.

"Bambo a Mfundo, nenani ndinu," anatero kwa amuna ake motsitsa mawu.

A Yoramu anatembenuza chipewa m'manja. "Bwana, ndathokoza kuti boma linandikumbukira. Koma Lamulungu ndikaima bwanji pamaso pa anthu awa, nditayamba ndanama kuti si ine mbusa wawo? Theka la iwo ndi a mbali iyo. Ndiwakane chifukwa cha njinga?"

A Gracian anayang'ana wotchi. Ananena kuti nkhaniyo akaipereka kwa akuluakulu, n'kukwera galimoto. Njinga yofiira inabwerera ku boma ili chimangire, a Silvester akuiperekeza ndi maso. Amayi aja anasiya nyimbo pakati, nayamba kuchotsa masamba a nthochi pakhomo.

Patapita masiku ochepa, kunabwera uthenga wakuti mayi wina wadwala kwambiri ku Mlangeni ndipo akufuna abusa. A Yoramu anatulutsa njinga yakapalasa, koma atakweza mwendo anabuula. Lufina anawalanda chiwongolero, namanga chitenje chake molimba.

"Khalani pakaliyala."

"Mayi, anthu ati chiyani? Mbusa wathunthu kunyamulidwa ndi mkazi?"

"Ati boma lakupatsani injini. Khalani, munthu akudikira."

A Yoramu anakhala, Baibulo lili pamiyendo. Akudutsa pamsika, mayi wina wa kachewere anakuwa kuti, "Abusa, petulo wake mukuthira wa mbali iti?"

Lufina sanacheuke. Anaponda mwamphamvu, mano ali gwa, njinga ikulira kwiyo kwiyo m'mphepete mwa malire.