Joan ndi Austin ya a Kalinde

Chaka cha 1958, m'masiku a Chitaganya, mwezi wa Juni unabwera ndi chiperoni chosaleka. Ku Limbe anthu ankayenda manja ali m'khwapa, ndipo phiri la Bangwe linkabisala m'nkhungu tsiku lonse.

Loweruka lina m'mawa, Austin yakuda inapatuka pamsewu wa ku Thyolo n'kukaima pabwalo la a Fabiano. Mwini wake anali a Lucius Kalinde, kalaliki wa mu ofesi ina ku Blantyre. Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina wobwerera kwawo itakalamba kale, ndipo chiigulireni palibe makaniko wina anaikhudza koma a Fabiano okha.

Makolo a a Fabiano anachokera kwa Apwitikizi, ndipo iwo umakaniko anauphunzira kunkhondo, akukonza malole a asilikali. Koma tsopano maso awo anali atachita ng'ala. Ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima, ndipo ntchito anali ataisiya. M'mawa umenewo anali pakhonde, atafunda chijasi chawo chausilikali.

"Imeneyo ndi Austin ya a Kalinde," anatero injini isanazime n'komwe. "Kutsokomola kwakeko sindingakuiwale. Fikani, achimwene."

A Lucius anapereka moni mwachangu n'kufotokoza chimene anadzera. Akazi awo, a Felicia, anali atachira kuchipatala cha mishoni cha ku Thyolo. Mwana anali wamwamuna, koma anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono kwambiri. Anamwino anawalola kukawatenga mawa lake, koma anachenjeza kuti mwanayo asazizidwe panjira.

"Ndiye hita yotenthetsa m'galimoto yafa," anatero a Lucius. "Ndikapotokola kachitsulo kake, zii. Galasi lakutsogolo likungochita nthunzi. Dzulo ndabwera mutu uli pazenera, ndipo pa Bvumbwe ndinatsala pang'ono kugunda munthu wapanjinga."

A Fabiano anatambasula zala zawo n'kuzipindanso. "Manja ndikadali nawo," anayankha motsitsa mawu, "koma pansi pa dashibodi pamafuna maso."

Kumapeto kwa khonde makina osokera analeka kulira. Amene ankasoka anali Joan, mwana wawo woyamba, telala wodziwika kwa amayi a m'deralo. Joan anakula akupatsira bambo ake masipanala ndi kuwaunikira pansi pa magalimoto, koma anali asanakonzepo galimoto payekha.

"Maso ndili nawo ine, ababa," anatero.

A Lucius anayang'ana mtsikanayo, anayang'ananso diresi loyera limene linali pamakina. Anali munthu waulemu, choncho anangofunsa kuti, "Kodi mayi, ntchito imeneyi munaigwirapo?"

"Ndekha ayi, bambo."

A Fabiano anati, "Ovolosi yanga ili kuseri kwa chitseko. Kavale."

Joan atatuluka, atapinda mikono ndi miyendo ya ovolosiyo, anawagwira dzanja bambo ake mpaka pagalimoto. A Lucius analiza injini n'kutsegula boneti. Injini itatentha, a Fabiano anapapasa mapaipi awiri opita ku hita, ndipo onse anali otentha.

"Madzi akuyenda bwino," anatero. "Chasowa ndi mphepo yokankha kutenthako. Tapotokolani switchi."

A Lucius anapotokola, koma fani yokankha mphepoyo sinalire. A Fabiano anagwedeza mutu.

"Ndi mota ya fani imeneyo. Ma Austin awa ndimawadziwa, akakalamba mota imatha m'kati. Tiyenera kukhetsa madzi n'kutulutsa bokosi lonse la hita. Ndipo mota ina lero Loweruka sindikudziwa ngati ingapezeke mu Limbe muno."

Nkhope ya a Lucius inagwa. Koma Joan anali atalowa kale, atagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja kwa chitseko. Kumeneko anamva kafungo kena, konga ka nsalu imene simbi yakhalitsapo.

"Ababa, tisanamasule chilichonse, mundilole ndiyese kaye magetsi."

"Yesa, koma udzaona."

Joan anayamba ndi fyuzi, ndipo anaipeza yamoyo. Kenaka anatenga kababu koyesera kamene bambo ake anapanga kalekale, kokhala ndi mawaya awiri. Waya mmodzi anamugunditsa pachitsulo cha galimoto, winayo pamene magetsi amalowera mu switchi. Kababu kanayaka. Anasunthira waya uja pamene magetsi amatulukira, n'kupotokola switchi uku ndi uku. Kababu sikanaphethire n'komwe.

"Magetsi akufika pa switchi, koma sakutuluka," anatero.

"Mwina mota ndiyo inapsereza switchiyo," anayankha a Fabiano. "Zikhoza kukhala kuti zafa zonse ziwiri."

"Tiifunse motayo iyankhe yokha."

Joan anadula kawaya kakafupi, n'kusenda nsonga zake ndi mano monga amadulira ulusi. Analumikiza polowera ndi potulukira paja, kuti magetsi adutse osalowa mu switchi. Nthawi yomweyo fani inazungulira, vuu! Fumbi la miyezi yambiri ndi timasamba touma zinaulukira kumaso kwa a Lucius, amene anali atasuzumira, ndipo anabwerera m'mbuyo akuyetsemula.

A Fabiano anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anaweramira pachitseko, khutu lili tcheru. Fani inkazungulira mosalala, osakhula, osalira ngati mbewa. Anamvetsera nthawi ndithu, kenaka anaseka mpaka chijasi chinagwa paphewa.

"Mota ilibe mlandu! A Kalinde, mwamva? Ine ndikanakuphwasulirani galimoto tsiku lonse, pamene vuto ndi kanthu kochepa ngati chala. Wandigwetsa mwana ameneyu!"

"Ndiye tingosiya kawayako pomwepo," anatero a Lucius, akupukuta kumaso ndi mpango.

"Ayi bambo," anayankha Joan ali pansi pomwepo. "Fani izingozungulira osapuma, simudzatha kuichepetsa kapena kuizimitsa. Ndipo kawaya kongokoleka kakhoza kutentha muli ndi mwana m'galimoto. Pakufunika switchi ina."

Kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, panali chigoba cha Morris yopanda matayala, imene nkhuku zinaisandutsa khola. A Fabiano anakumbukira kuti inali ya bwana wina wa kuminda ya tiyi, munthu woopa kuzizira, ndipo inali ndi hita. Joan anapita komweko ndi pulayazi ndi botolo la palafini. Thadzi limene linkafungatira pampando linamujompha padzanja, koma iye sanabwerere. Nati yogwira switchi inali itachita dzimbiri. Anaithira palafini, anadikira, anayesa, inakana. Anathiranso, ndipo atakanikiza ndi manja onse awiri inalira n'kumasuka.

Pobwera anapeza amayi atatu ochokera kumpopi ataima pampanda, ndowa zili pamutu, akuonerera telala wawo ali mu ovolosi. Joan anawapatsa moni n'kupitiriza ntchito. Anapala dzimbiri pa switchi ija mpaka mkuwa unawala, kenaka anaiyesa ndi kababu pa batire. Akapotokola pang'ono kababu kankayaka mofooka, akapitiriza kankawala kwambiri.

"Usanagwire mawaya, chotsa kaye batire," anatero a Fabiano.

"Ndikuchotsa kumene, ababa."

Switchi yakale itatuluka, Joan anaitsegula n'kuiika m'dzanja la bambo ake. Iwo anainunkhiza, n'kupapasa m'kati ndi chikhadabo mpaka anapeza pamene kawaya kozungulira kanapserera n'kuduka.

"Yagwira ntchito yake," anatero. "Ipume."

Yatsopanoyo sinalowe msanga. Bowo la pa dashibodi linali lochepa pang'ono, ndipo Joan analikuza ndi tupa mosamala kuti asakande utoto. Waya mmodzi anali wamfupi, choncho anamuwonjezera n'kukulunga polumikizapo ndi tepi, mwaudongo ngati mpendero wa diresi. Khosi linamuwawa, dothi linamugwera m'maso, koma anamanga nati, n'kukoka waya aliyense kuti aone ngati wagwira.

"Kachitsulo kopotokolera n'kofiirira, pamene tinzake n'takuda," anatero akutuluka. "Mundikhululukire pamenepo."

"Kakhale kobiriwira kaya kofiira, bola mphepo," anayankha a Lucius.

Joan anabwezera batire n'kuliza injini. Mvula yowaza inali itayambanso, ndipo atatuwo atalowa m'galimoto n'kutseka zitseko, galasi lonse linachita nthunzi. A Fabiano anakhala kutsogolo. Joan anawagwira dzanja n'kuliika pa switchi.

"Yambani ndinu, ababa."

Anapotokola pang'ono, ndipo kamphepo kofunda kanawauzira pamapazi. Anapotokolanso, fani inakweza mawu. Pansi pa galasi panayamba kuyera, kuyerako kunakwera pang'onopang'ono mpaka a Lucius anaona bwinobwino amayi aja pampanda, mmodzi atatula ndowa n'kumaomba m'manja.

A Fabiano anazimitsa, anayatsanso, anazimitsanso. Anangofunafuna dzanja la mwana wawo, lija lojomphedwa ndi nkhuku, n'kuligwira nthawi yaitali.

Mawa lake masana, Austin ija inaimanso pabwalo. A Fabiano anali atangochokera ku Misa, kumene anachedwa panja pa tchalitchi akufotokozera aliyense wowapatsa moni nkhani ya switchi, osabisa kuti iwo anaumirira mota. A Felicia anatsitsa galasi lakumbuyo pang'ono n'kuitana.

"Mayi makaniko ali kuti? Abwere adzamuone mlendo wawo."

Joan anasiya makina n'kuthamangira kugalimoto. Analowa msanga n'kutseka chitseko kuti mphepo yozizira isalowe. M'katimo munali mofunda ngati m'khitchini. A Felicia anafunyulula shawelo pang'ono, ndipo kamwanako kanali m'tulo, timanja titafumbata, kamphuno kali ndi timadontho ta thukuta.

"Njira yonse sanalire," anatero a Felicia. "Pa Chigumula ndinachita kuwauza abambo ake kuti achepetse, tinayamba kupsa."

Kunja a Lucius ankauza a Fabiano kuti buleki yakumanja yayamba kukoka, ndipo anafunsa ngati angabwere nayo Loweruka likudzalo.

"Kaya, mufunse mwini ntchito," anayankha a Fabiano, akukonza kolala ya chijasi chawo. "Ali ndi diresi la ukwati loti amalize. Akakupatsani mpata, ine ndidzakhala pambali kumvetsera."