Dzanja Lofumbata la Laimoni

Chaka cha 1951, zaka ziwiri chipitire njala ija, chilonda cha pa msongolo chinandikhazika pansi masiku khumi pa kachipatala kena ka zipinda ziwiri, pa njira yokwera kuchokera ku Matope kupita ku mapiri a Neno. Ine zokhala malo amodzi sindizitha, ndiye ndinkangokhala pakhonde n'kumafunsa aliyense wofika kuti chamubweretsa n'chiyani. Nkhani zambiri ndinazitola pakhonde limenelo. Iyi yokha sindinachite kumva kwa munthu. Ndinaiona, ndipo manja anga anathandizako.

M'mawa wina kunafika anthu atatu akuyenda motalikirana ngati sakudziwana. Patsogolo panali mwamuna wamtali, mkono wake wamanja wothera pansi pang'ono pa chigongono. Ameneyo anali Laimoni, msodzi wa ku Matope. Pakati panali mlongo wake, Mailesi. Kumbuyo kwenikweni kunali mwamuna wa Mailesiyo, Ezekiele, wamfupi, maso ali pansi.

Mailesi ndiye anandifotokozera, tikudikira kuti adiresa, omwe ankathandiza odwala pamenepo, amalize kutsuka mabala a anthu ena. Chaka chapitacho, mvula itangoyamba, Laimoni ndi mlamu wakeyo anali m'bwato limodzi pa Shire. Laimoni anapisa dzanja m'madzi kuti amasule ukonde womwe unakodwa pa chitsa, ng'ona n'kumugwira. Ezekiele anaimenya ndi nkhafi m'maso mpaka inasiya, koma dzanja linali litatafunidwa ngati nzimbe. Anamunyamula pa machira kupita ku chipatala chachikulu, komwe analidula. Poti wachibale amene analipo anali Ezekiele, anamupatsa iyeyo dzanjalo kuti akalikwirire. Analikwirira m'mbali mwa kamtsinje kena pobwerera. Madzi osefukira a mwezi wa Febuluwale anakokolola gombe lonselo.

Bala linapola, koma dzanja silinachoke. Laimoni ankalimvabe tsiku lililonse, lofumbata, zikhadabo zitalowa m'chikhatho. Nthawi zina zinkakhala ngati wina akumufinya chala chachikulu. Ndiye anayamba kulumikiza zinthu. Dzanja lokwiriridwa bwino likanagona. Ili likumva kuwawa, ndiye kuti lilipo penapake, ndipo wina akuligwira. Analinyamula ndi Ezekiele. Pomwe analikwirira sangaloze. Komanso chaka chimenecho Ezekiele ankapha milamba kuposa asodzi onse padooko. Zotsalazo anthu anamalizitsa okha: wasunga dzanja la msodzi mnzake ngati chizimba.

Tsono Ezekiele anali mkamwini m'mudzi mwa akazi ake, ndipo Laimoni ndiye anali mwinimbumba. Mawu ake ndiwo anamanga banjalo, ndiwonso akanalimasula. Anali atanena kale kuti Lamulungu likudzalo, anthu akangotuluka m'tchalitchi, Ezekiele asudzulidwa. Abwerera kwawo ku Nsambe. Mkazi, ana anayi ndi munda zitsala.

"Ndawagwadira achimwene masiku atatu kuti abwere kuno," anatero Mailesi. "Akuti angobwera kuti ndisadzanene kuti anakana."

Adiresa a pamenepo anali a Herbert, munthu wochepa thupi, magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi. Nthawi ya nkhondo anali ku Burma, akunyamula ovulala. Atamva nkhaniyo sanawalowetse m'chipinda. Anatulutsa mpando pakhonde pomwepo, powala.

"Mankhwala sindikufuna ine," anatero Laimoni asanakhale n'komwe. "Ndikufuna dzanja langa lichoke komwe walibisa munthu uyu."

"Chabwino, bambo. Panopa likutani dzanjalo?"

"Lafumbata."

"Chala chachikulu chili kunja, kapena m'kati mwa zinzake?"

Laimoni anawayang'ana. Chaka chathunthu anthu ankangomuuza kuti akulota kapena kuti walodzedwa. Panalibe amene anamufunsapo za chala.

"M'kati," anayankha motsitsa mawu.

A Herbert analowa n'kutuluka ndi buku lachikuto chakuda. Nditasuzumira ndinaona masamba odzaza ndi zojambula za mikono ndi miyendo yoduka, chilichonse chili ndi timadontho ndi timawu.

"Inu ndinu wa makumi awiri ndi atatu womva chiwalo chomwe chinadulidwa," anatero. "Kunali msilikali wina wa ku Mulanje, phazi linatsala ku Burma, koma ankafuna kulikanda pakati pa zala. Ameneyo analibe mlamu."

"Musandiseke."

"Sindikuseka. Ndikufuna munthu yemwe si mbale wanu komanso si mbale wawo." Anatembenuka n'kundiona. "Abambo a chilonda, mwakhala mukundifunsa mafunso sabata yonse. Bwerani mugwireko ntchito."

Anandipatsa nsalu kuti ndimange Laimoni m'maso. Kenako anandikhazika pansi moyang'anizana ndi Ezekiele, kuti ndimugwire manja onse awiri.

"Mukamutaya, Mulungu akuonani," anandiuza Laimoni.

"Ndimutaya bwanji, sindikumudziwa," ndinatero.

A Herbert anatenga pensulo n'kuyamba kugogoda pa chitsa cha mkonocho ndi mbali yosasongoka, pang'onopang'ono, ngati munthu woyesa dzungu.

"Apa?"

"Pa chitsa basi."

"Nanga apa?"

"Chitsa chomwecho. Mukutaya nthawi."

Anagogoda kachitatu, pafupi ndi chipsera, pomwe panali kachotupa kochepa ngati njere ya nandolo. Laimoni anadzambatuka, mpando n'kugwa.

"Wayamba! Chala chachikulu! Mugwireni ameneyo!"

"Ndamugwira," ndinatero. "Manja ake onse ali kwa ine, akungotuluka thukuta."

Mailesi anadzutsa mpando, n'kumukhazikanso mchimwene wake. A Herbert ananyowetsa nsonga ya pensulo pa lilime, n'kuika kadontho kofiirira pakhungupo. Anasuntha pang'ono, pang'ono zedi.

"Chamkombaphala," anatero Laimoni.

Kadontho kena. Anazungulira mbali ina ya chitsa, ya kuthupi.

"Kachala kakang'ono. Kunsonga kwake. Mayo!"

Kenako a Herbert anaviika chala m'beseni la madzi ozizira, n'kudonthezera dontho limodzi pamwamba pa timadontho tija. Tonse tinaliona likutsetsereka pa chipsera. Laimoni anapendeketsa mutu ngati womvetsera chinthu chakutali.

"Madzi," anatero. "Akudutsa pakati pa zala zanga."

Ine ndayenda. Ndinafika ku Tete wapansi, ndinagwirapo ntchito m'minda ya fodya ku Rhodesia, ndinaonapo munthu atawombedwa ndi mphezi n'kudzuka. Koma tsitsi silinandiimepo ngati tsiku limenelo. Ndinayang'ana malo omwe pakanakhala zala, chapamwamba pa bondo lake. Panalibe kanthu. Ntchentche inadutsa pomwepo osakhudza chilichonse. Koma madzi anali akudutsa pakati pa zala za munthuyo, ndipo nkhope yake sinkanama.

"Mwapangana," anatero Laimoni mwadzidzidzi. "Kapena inunso adiresa muli ndi zanu."

"Mmasuleni m'maso," a Herbert anandiuza.

Nditamasula nsalu, anatenga dzanja lamanzere la Laimoni, n'kuika chala chake pa kadontho koyamba.

"Dinikizani nokha."

Anadinikiza. Anakoka mpweya ndi mano. Anachotsa chala, n'kuyang'ana Ezekiele, yemwe manja ake anali gwa pa mawondo. Anadinikizanso. Anapita pa kadontho kachiwiri, kachitatu, n'kubwerera koyamba, ngati munthu woimba kalimba. Pakhonde ponse panali zii. Ngakhale mayi wina yemwe mwana wake ankalira anali atamutseka pakamwa ndi bere.

"Ndine," anatero. "Ndikudzifinya ndekha."

"Munasendapo mbuzi," anatero a Herbert. "Mumaona timaulusi toyera tolowa m'nyama, tosatuluka magazi. Imeneyo ndi mitsempha yomvera. Imachokera ku chala chilichonse, kukwera mkono, kulowa mu msana, mpaka mu ubongo. Kunkhondo tinali ndi mawaya a foni ochokera kutsogolo kufika ku hema wa akuluakulu. Bomba likadula waya pakati, munthu n'kugogoda pomwe wadukirapo, wa ku hema uja ankayankha kuti, kutsogolo, ndakumvani. Sankadziwa kuti kutsogolo kulibenso munthu. Ubongo wanu ndi chimodzimodzi. Uthenga ukabwera pa mtsempha wa chala chachikulu, umati ndi chala chachikulu."

"Nanga popanda wondigogoda limawawa bwanji?"

"Mtsempha woduka sugona. Umaphuka, kufunafuna dzanja lake. Ukasowa kolowera umapotana n'kupanga mfundo, kachotupa aka. Chipsera chikakoka, kapena kukazizira, mfundoyo imafinyika."

A Herbert anatambasula dzanja lawo n'kuliyang'ana ngati alionera kumene.

"Chomwe chinandizunguza ine n'chakuti dzanja lomwe munthu amalimva silikhala kumapeto kwa mkono. Limakhala m'mutu. Ngakhale langali. Ng'ona inatenga la nyama. Linalo sinalifike."

"Ndiye lafumbatiranji?"

"Sindikudziwa. Zojambulazi ndimatumiza kwa dokotala wina ku Zomba, yemwe anandiphunzitsa kugogoda kumeneku. Nayenso sakudziwa. N'chifukwa chake tikujambula."

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma Laimoni anali atanyamula nkhaniyi chaka chonse, ndipo anali atalankhula kale pamaso pa mudzi.

"Mawu ndawamva," anatero. "Pakamwa mumatha. Koma ngati dzanja lili muno, osati kwa uyu, litambasuleni."

A Herbert anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndili ndi jakisoni wochititsa dzanzi, yemwe timabaya posoka mabala. Ndikabaya pa mfundopo, mtsempha umakhala chete kwa maola angapo. Ena dzanja limamasuka. Ena ayi. Ndikuuziranitu, likapanda kumasuka sindiye kuti alamu anu ali ndi mlandu."

"Kwa ine ndiye kuti ali nawo."

Apo Ezekiele analankhula koyamba chifikire.

"Bayani, adiresa. Likapanda kutambasuka sindidikira Lamulungu. Ndinyamuka kuchokera pano."

"Inu khalani chete!" anakalipa Mailesi. "Ana mwawasiya akudziwa kuti mubwera. Mukulonjeza za chiyani?"

Ezekiele anatembenukira kwa mkazi wake. "Ndatopa, mayi a Yunike. Padooko anthu amasuntha ndikafika. Bayani."

A Herbert anawiritsa singano. Anabaya pa kadontho koyamba, kenako mbali inayo. Laimoni analuma mlomo, thukuta lili kamukamu. Ndiye tinadikira. Dzuwa linali litafika pa masitepe a khonde. Mailesi anali akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Ine chilonda changa ndinali nditachiiwala.

"Palibe," anatero Laimoni patapita nthawi.

"Dikirani."

"Palibe, ndati. Lili momwe..."

Sanamalize. Maso ake anatsikira pamalo opanda kanthu paja.

"Kakang'ono kasuntha," ananong'ona.

Anakweza chitsa cha mkono pang'onopang'ono, ngati wanyamula mbale yodzaza madzi. Anayamba kutiuza chala ndi chala. China chatuluka m'chikhatho. Chapakati chikukana, chikukana, chabwera. Chamkombaphala. Chachikulu chinatenga nthawi, ndipo tonse, odwala ndi operekeza omwe, tinali titatambasula zala zathu osadziwa. Kenako anapumira m'mwamba, mapewa n'kugwa.

"Latambasuka. Mphepo ikundiwomba m'chikhatho."

Analira ngati mwana, bambo wamtali uja, chitsa chili m'mwamba, akutembenuza uku ndi uku chinthu chomwe tonse sitinkachiona. Mayi wa mwana uja anati, "Ambuye Yesu," n'kugwira pakamwa.

A Herbert anadikira kuti Laimoni atonthole, ndipo sanamunamize.

"Pofika madzulo mankhwala atha mphamvu, ndipo mwina lifumbatanso. Likatero musakafunefune munthu. Mubwerenso. Tikaona kuti mfundoyi ndiyo ikuvuta, ndikulemberani kalata ya kwa dokotala, akaione ngati ingachotsedwe." Anatsegula buku n'kuyamba kujambula mkono wa makumi awiri ndi atatu, akuyeza timadontho ndi kachingwe.

Laimoni anapukuta nkhope ndi dzanja lamanzere. Kenako anafunsa, maso ali pansi:

"Alamu, munalikulunga ndi chiyani?"

"Ndi malaya anga."

"Ati?"

"Oyera aja. A ku tchalitchi. Ena onse anali magazi okhaokha."

"N'chifukwa chake mumapemphera ndi malaya a m'bwato chaka chonsechi."

Ezekiele anavomera ndi mutu.

"Osanena bwanji?"

"Mukanamva?"

Laimoni anaimirira. Anayang'ana mlongo wake.

"Lamulungu ndikalankhula ndekha, pomwe ndinalankhulira poyamba paja. Iwe usakayambe kufalitsa padooko ine ndisanafike."

"Achimwene, ine pakamwa panga..."

"Ndimakudziwa. Tiyeni, ana akudikira."

Anathokoza adiresa, nanenso anandigwira chanza ndi lamanzere. Ndinawaperekeza motsimphina mpaka pomwe njira imayamba kutsika kulowera ku Shire. Ezekiele anali atazolowera kutsalira kumbuyo, koma Laimoni anaima mpaka anamupeza. Anayenda limodzi mapazi angapo, Ezekiele ali mbali ya kumanja. Laimoni anaimanso, n'kumukoka pa phewa.

"Dzerani mbali iyi, alamu," anatero. "Uko mukundigunda dzanja."