Shati Yoyera ya a Namacha

"Pukutani mapazi kaye," anatero mlonda wapakhomo, maso ali pa matope a ku Bangwe omwe anamata masilipasi a mai Bernadeta.

Anapukuta. Ana awo awiri, Anjelina ndi Clara, nawonso anapukuta. Mkati munkazizira ngati m'filiji, pansi poterera, kanyimbo kakulira koma wailesi yake osaoneka. Awa anali mashopu atsopano aja a kufupi ndi Sunnyside, kogula azungu ndi akazi a mabwana, komwe anthu amati ngakhale galu ali ndi sopo wakewake.

Amuna awo, a Namacha, telala wa pakhonde la golosale ku Bangwe, anali atamwalira Lachiwiri ku chipatala cha Gulupu. Thupi linali ku nyumba ya chisoni, ndipo lole yopita nalo ku Phalombe inkanyamuka 2 koloko. Vuto linali chowaveka. Mng'ono wa malemu, a Nikolasi, atangofika pamaliro ananyamula makina osokera, wailesi ndi sutikesi yonse ya zovala, n'kukazitsekera kwa mnzawo ku Limbe. Ndipo amayi ophika kuseri ankanong'onezana kuti suti ya malemu anali ataiyesa kale pagalasi, ati inawakhala bwino.

"Alamu, suti yabwinobwino tikapatse chiswe?" anatero a Nikolasi atafunsidwa. "Akulungeni m'chitenje basi. Akaona ndani?"

Mai Bernadeta m'mawa anangomanga pansonga ya chitenje kachipepeso komwe amayi a mumphakati anawafumbatitsa mobisa, n'kutuluka ndi anawo.

Mu minibasi Anjelina, wamkulu, anayesa kuwanyengerera. "Amayi, titsike pa Limbe. Pa kaunjika mashati ali mbwee."

"Kaunjika ndi amene anawaphera ntchito bambo ako," anatero. "Zaka zonsezi akhala akuchepetsa zovala za azungu akufa. Lero avalenso za wakufa mnzawo? Ayi. Ankapita kukaima pawindo la mashopu aja kujambula makolala pakatoni ya fodya. Sanalowepo. Lero tiwalowera."

Mu shopu ya zovala za abambo anawalandira mtsikana wa tsitsi lowotcha, pachifuwa atapachika kabaji kolembedwa Joan. Anawayang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Yes? Mukufuna ndani?"

"Shati yoyera, mwanangu. Yatsopano, ya m'pepala."

"Khosi saizi yanji?"

Mai Bernadeta anayang'ana Anjelina, Anjelina anayang'ana Clara. Telala anali mmodzi m'nyumbamo, ndipo manambala onse anapita nawo. Kenako mayiwo anakweza manja n'kukumanitsa zala, kupanga kabwalo kakang'ono. Miyezi isanu ndi iwiri anali akusambitsa khosi limenelo.

Joan anaseka pang'ono. "Imeneyotu ndi ya mwana wasukulu."

"Anadwala nthawi yaitali."

Kuseka kuja kunathera pompo. Anapita kukatenga yaing'ono kwambiri, yokhala ndi timaphini ndi kakatoni kukhosi, n'kuwaonetsa mtengo. Anjelina anagwira pakamwa. Inali lendi ya miyezi iwiri. Mai Bernadeta anamasula mfundo ija ndi mano n'kutambasula dzanja. Joan anangoponyapo diso n'kupukusa mutu.

Ndiye zimene palibe ankayembekeza: mai Bernadeta, mayi amene sanapemphepo ngakhale mchere kwa aneba, anagwada pa matailosi.

"Tengani ndi mpheteyi. Ndi ya ukwati."

"Mayi, dzukani! Kuno sitipinyolitsa."

"Mwanangu, akupita maliseche. Munthu wavalitsa Bangwe yense."

"Chonde dzukani, mundichotsetsa ntchito. Bwana amaonera pagalasi lija." Joan ankayankhula motsitsa, maso atanyowa, koma shati anali ataibisa kale kumbuyo.

Mzimayi wina wa magalasi akuda anasiya kusankha mataye n'kumaonerera. Clara anangofuna pansi patatseguka. Iye ndi Anjelina anawagwira amayi awo m'khwapa n'kutuluka nawo, mlonda uja akuwatsegulira chitseko mwaulemu ngati agula.

Anakhala pakakhoma ka poimika magalimoto. Wotchi ya pakhoma la banki inkati 12 koloko yadutsa, ndipo a ku nyumba ya chisoni anati zovala zifike isanakwane 1.

"Ndinakuuzani pa Limbe paja!" anatero Anjelina akulira. "Pano tithamangira kuti? A Nikolasi atiseka."

Amayi ake ankangoyang'ana matayala a galimoto.

Dzuwa linkaswa mutu. Clara anavula juzi. Mkati anali atavala shati yake ya sukulu, ya Fomu 1, poti ndiyo inali chovala chake chooneka bwino. Bambo ake anaisoka mu Januwale, akutsokomola kale, akumapumira pakati pa msoko. Clara anaigwira kolala, n'kukumanitsa zala pakhosi pake monga anachitira amayi ake mu shopu muja.

"Amayi, bambo anatsala ngati ine."

Mai Bernadeta anatembenuka. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga kusukulu? Akakubweza pageti."

"Ndizivala juzi mpaka m'khosi."

"M'mapewa mwina," anatero Anjelina akupukuta mamina, "poti poveka maliro kumbuyo amang'amba. Koma kutalika? Ithera pamchombo."

Clara sanadikire. Anabisala kuseri kwa pikapu ina, Anjelina atamutchinga ndi chitenje, n'kutuluka atavala juzi yokha. Amayi ake anatembenuza shatiyo. Mpendero wake unali wokhuthala modabwitsa, ngati lamba. Anachotsa phini pa duku n'kuyamba kutong'ola ulusi.

Nsalu inafutukuka zala zitatu. Mkati mwa mopindamo munali nambala 2, yosokedwa ndi ulusi wofiira. Pansi pake panali msoko wina. Anautong'ola, inatuluka 3.

"Mafomu," ananong'ona Anjelina. "Ankawerengera mafomu."

Panatsala msoko umodzi. Mai Bernadeta anausisita ndi chala kuchokera mbali iyi mpaka inayo, wowongoka ngati wolemba ndi rula.

Clara anagwada, n'kuwagwirira nsaluyo kuti ikungike.

"Masulani wonse, amayi," anatero. "Anali aatali."