Mfuti ya Asajeni

Lole yonyamula mchenga inagunda Phulusa m'mawa pafupi ndi geti, n'kupitirira ngati yaponda katoni. Atelala anasiya diresi la kasitomala lili pansi pa singano n'kuthamangira kumsewu. Anapeza galuyo akudzikokera kubwalo ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikungotsatira ngati nsanza. Ankalira kamawu kowonda, konga ka chitseko chosowa mafuta.

Atelala sankakonda agalu. Koma uyu anali wa malemu amuna awo, ndipo chichitikireni maliro ankagona pakhomo la chipinda chosokeramo, mutu uli pa sitepe. Atamugwira pamsana anadziwa kuti za kuchira panalibe. Chotsala chinali choti afe msanga, asavutike mpaka dzuwa kulowa.

Ankafuna kupita naye kwa dokotala wa ziweto kumsewu waukulu, koma nkhani inali itafika kale kwa mlamu wawo, mng'ono wa malemuwo. Anthu ankamutcha Asajeni, ngakhale usilikali wawo wonse unathera pa geti la nyumba yosungiramo simenti. Anatumiza uthenga woti galu wa achimwene awo sangafere m'manja mwa mlendo iwo alipo, akubwera pompano ndi mfuti.

Pompano wa Asajeni anafika dzuwa litapendeka. Anachedwa n'kusita yunifolomu yakale ija, imene mabatani ake anasiya kalekale kugwirizana ndi mimba. Pambuyo pawo pankabwera mkamwini wawo, foni ili m'mwamba, akujambula kuyambira kumsewu.

"Alamu, ali apa galuyo," anatero Atelala. "Chitani msanga."

Asajeni anayankha kuti mfuti si lumo lodulira nsalu, ili ndi mwambo wake. Anayamba apempha mafuta a makina osokera n'kupaka mpope. Kenako anapempha mpando. Atakhala anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete, n'kunena kuti dzanja la msilikali limafuna kakapu kamodzi ka mowa waukali kuti lisanjenjemere. Kakapu kamodziko kanaitana kanzake. Apo n'kuti anthu oyandikana nawo atadzaza pampanda, ndiye Asajeni anawafotokozera za akuba amene anawathamangitsa ku simenti kuja. Atelala anaimvapo nkhaniyo kambirimbiri, ndipo chaka chilichonse akubawo ankaberekana.

Ntchentche zinali zitayamba kuunjikana pabala. Atelala anagwada, n'kutunga madzi m'chikhatho kuti Phulusa anyambite. Lilime lake linali louma ngati chikopa cha lamba.

Mkamwini uja anawapempha kuti asunthe pang'ono, akuphimba apongozi. Anatinso dzuwa lili kumbuyo, nkhope ya Asajeni ikutuluka yakuda bii, bwanji galuyo amukokere cha kumthunzi wa khoma.

"Mumukhudze muone," anatero Atelala osatembenuka.

Choncho amene anasuntha ndi Asajeni. Anaima cha uku, anaima cha uko, mfuti paphewa, mfuti pachifuwa, chipewa chopendekera kumanja. Zithunzi zitakwana anatambasula miyendo, n'kuuza amayi ndi ana kuti atseke makutu. Atelala okha ndi amene anaona kuti mwini mfutiyo watseka maso.

Kunamveka phokoso logonthetsa m'khutu. Thanki ya madzi imene inali pambali pa khitchini inabooka pamimba, madzi n'kuyamba kuthovokera pabwalo. Phulusa sanakhudzidwe ngakhale ubweya. Mantha anamupatsa mphamvu zimene analibe: anadzikokera kumatope, akukuwa kulira kumene Atelala anali asanakumvepo, kulunjika ku sitepe yake ija.

Asajeni anayang'ana mpope wa mfuti mokwiya, n'kunena kuti mafuta a makina aja ndi amene aipotoza. Anayamba kufufuza chipolopolo china m'matumba. Mkamwini anati ulendo uno aime cha kumanzere.

Atelala anatenga wilibala kuseri kwa nyumba, anayalamo zidutswa za nsalu zotsala posoka, pamwamba n'kuikapo jekete lakale la amuna awo. Anamunyamula okha galuyo, matope ndi magazi zikuwadetsa bulauzi. Anthu a pampanda anapatuka. Msewu unali wa maenje, ndipo pa dzenje lililonse Phulusa ankabuula, iwo n'kumati pepa, pepa, mawu amene anali asanauzepo galu chibadwire.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wosalankhulalankhula. Anapapasa msana, anayang'ana Atelala, iwo n'kugwedeza mutu. Anameta kaubweya pamwendo wakutsogolo n'kubaya jakisoni. Phulusa anatsamiritsa mutu pa dzanja la Atelala, anapuma mozama kamodzi, thupi lonse n'kumasuka. Zonsezo sizinatenge nthawi imene Asajeni anatenga pokonza chipewa.

Pobwerera wilibala inkalemera kuposa popita. Anapeza bwalo lasanduka dambo, thanki ikudontha madzi omaliza. Asajeni anali adakali pampando uja, anthu atawazungulira, akuonerera pafoni. Mkamwini anali atadula kanemayo mwaluso: ankathera pa phokoso ndi utsi, thanki osaoneka. Wina ankati koma ndiye kuima kwa msilikali kumeneko.

Asajeni ataona jekete litaphimba wilibala anaimirira, n'kukonza lamba.

"Mwapupuluma, alamu. Chachiwiricho sindikanaphonya. Galu wa achimwene wafera kwa mlendo chifukwa cha inu."

Atelala anatula wilibala pansi pa mtengo wa kumpanda. Analowa m'khitchini, anatuluka ndi khasu, n'kuwapatsira m'manja momwe munali mfuti muja.

"Kumbani apa, alamu," anatero. "Nthaka ili ponseponse. Ngakhale mutseke maso simuiphonya."

Mkamwini anayamba kukweza foni, koma Asajeni anamuyang'ana, iye n'kuibweza m'thumba. Atelala anasamba m'manja ndi madzi otsala mu ndowa, n'kubwerera ku makina. Kasitomala wa diresi ankabwera madzulo omwewo.