Kadontho ka pa Sodiyamu

Wopenta anali atayeretsa kale theka la khoma pamene a Atomu analowa m'labu ali wefuwefu, ndodo patsogolo.

"Iwe! Tsitsa bulashiyo! Wakutuma ndani?"

"Ahedi, madala. Ine andiuza kuti khoma liyere, basi."

Dzina la Atomu anawapatsa ndi ana, zaka makumi atatu zimene anaphunzitsa kemisitiri pasukulupo, mpaka lenileni linachita kuiwalika. Pakhomapo panali tchati cha maelementi chimene anajambula pamanja iwo ndi malemu akazi awo, kale sukulu ilibe ndi buku lomwe. Iwo ankayeza mabokosi ndi rula, mayiwo nkumalemba zilembo ndi kudontheza timadontho ta maelekitironi kuzungulira atomu iliyonse. Lero mbali ya kumanja inali mbee! Heliyamu, niyoni, agoni, magasi odzikonda aja osacheza ndi anzawo, onse anali atapita. Mtima unawapweteka kwabasi.

"Madzi akatayika saoleka, madala," anatero wopentayo, akuviikanso bulashi.

"Otsala mumtsuko ukufunanso uwataye?"

Phokosolo linabweretsa ahedi, mayi wamagalasi amene kale anali mwana wa m'kalasi mwawo.

"Aphunzitsi, mwabwera osatiuza?"

"Pamaliro saitanira, mwana wanga."

Ahediwo anazyolika. "Lolemba kukubwera oyendera sukulu. Tchatichi chasuluka, ndiye tagula chosindikiza, chonyezimira bwino."

A Atomu anapita kumanzere kumene penti inali isanafike, nkuloza ndi ndodo bokosi la nambala leveni, la sodiyamu. Mzere wamkati unali ndi timadontho tiwiri, wachiwiri tisanu ndi titatu. Wakunja unayenera kukhala ndi kamodzi kokha, koma panali tiwiri.

Tsiku limene ankapenta bokosilo, a Atomu ananena nthabwala, akazi awo nkuseka ali pamakwerero mpaka penti inadontha pomwepo. "Mwandiseketsa ndinu, mukonze nokha," anatero mayiwo. Sanakonze mpaka lero. M'malo mwake chaka chilichonse ankauza ana atsopano kuti, "Pakhoma apa pali bodza limodzi. Wolipeza ndimugulira cholembera."

"Paja chaka china analipeza ndani?" anafunsa a Atomu. "Si kamtsikana kamamina kokhala kumbuyo kaja, konena kuti sayansi ndi ya anyamata?"

Ahedi anaphulika nako kuseka. "Mlungu wathunthu ndikuwerenga timadontho! Ndiye cholembera chanucho chinali chosalemba nkomwe."

"Unkafuna cha golide pamalipiro a mphunzitsi?"

Anaseka onse, koma kuseka kwa a Atomu sikunapite patali. Anakhala pa mpando, ndodo pakati pa miyendo.

"Zithunzi za malemu akazi anga zinawonongeka ndi mvula chaka chimene denga linasasuka. Makalata sitinkalemberana, tinali limodzi tsiku ndi tsiku. Dzanja lawo latsala pano pokha. Ndimawasowa, mwana wanga. Ndikamati ndabwera kudzaona ana a mayeso, ndimanama, ndimadzera kadontho aka."

Wopenta anayang'ana kumbali, penti ikudonthera pansapato yake.

Ahedi anavula magalasi, nkuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anadera. Kenaka anatola choko patebulo nkulemba mzere kuzungulira bokosi la sodiyamu.

"Penta monsemo, koma apa ulambalale. Tchati chatsopano tikhoma pambali pake."

"Nanga oyendera aja akafunsa, madamu?"

"Ndidzawauza kuti pakhoma pali bodza limodzi. Akalipeza, cholembera ndigula ndine."

A Atomu anadzuka, nkuika chala pa kadontho kaja. Wopenta anadutsa ndi bulashi pamwamba, nkudutsanso mmunsi, ndipo iwo sanachotse chalacho mpaka anamaliza.